Tsiku Limene Achimwene Anakana Kusamba m'Manja

Mwana wanga wamkazi atandiuza kuti pali mnyamata amene akufuna kumanga naye banja, sindinafunse za ntchito yake kapena mpingo umene amapemphera. Ndinafunsa ngati malume ake akudziwa. Anandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno ku Perth, chija chotulukira m'mphuno, kuti nkhani youza ankolo waisiyira ine. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ana a masiku ano kukonda amadziwa, koma katundu wake amasenzetsa amayi awo.

Malume akewo ndi achimwene anga. Amakonza makina akuluakulu kumigodi ya kumpoto, amapita pa ndege, kukhala kumeneko masabata angapo, n'kubwera kudzapuma kunyumba kwawo ku Cannington. Bambo a mwanayu atamwalira ku Lilongwe, ndi achimwene amene anatiitanitsa kuno, mwana akadali wakumsana, n'kundithandiza kupeza ntchito yosamalira okalamba ku Midland. Ndi iwo anamuphunzitsa kupalasa njinga, ndi iwo ankapita kusukulu kwake kukamvera aphunzitsi. Ngakhale dzina anamutcha ndi iwo omwewo atangobadwa, ngakhale kuti sankalitchula. Ankangomuitana kuti "iwe mwana", mpaka anakula n'kumaliza ku yunivesite akadali "iwe mwana".

Kwathu malume ndiye mwinimbumba, ndipo achimwene udindo umenewo anakwera nawo ndege osausiya pabwalo. Malamulo a kuno sakanamuletsa mwanayo kukwatiwa tsiku lililonse limene akufuna. Koma anali atandiuza kuti popanda mawu a ankolo ake sadzavala mphete ya munthu, ndipo ine ndinkadziwa kuti akadzaivala mokakamira, achimwene sadzapondanso pakhomo panga. Munthu ameneyo akati ayi, nkhani yathera pomwepo. Ndinkaopa kuti nditaya mmodzi mwa awiriwa, ndipo ndilibe wachitatu.

Mnyamatayo ndi Mtchaina. Anabwera kuno ndi makolo ake ali wamng'ono, ndipo ndi mwana wofatsa, wopereka moni ndi manja awiri ngati wakulira kwathu. Nditawauza achimwene pa foni, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Chemwali, ndikawaone kaye kwawo. Sindingapereke mwana kwa anthu amene sindinakhalepo pakhomo pawo." Sanavomere, sanakanenso. Kwa achimwene kumeneko kunali kufatsa kwakukulu.

Miyezi ingapo izi zisanachitike, mwana wanga anali atapita ku China ndi mnyamatayo kukaona kwawo kwa makolo ake, n'kubwerako foni itadzaza zithunzi. Ine ndinkayembekeza nyumba zosanja zofika kumitambo monga timaonera pa kanema. Ayi, kanali katauni kokhala m'madzi. M'malo mwa misewu kuli ngalande, ndipo milatho yake ndi yamiyala, yopindika msana kuti mabwato azidutsa pansi. Minda yake ndi tizilumba ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo anandiuza kuti tizilumbato sitinamere tokha. Makolo akale ankavuula matope pansi pa madzi n'kumawaunjika, chaka ndi chaka, mpaka nthaka inatulukira pamwamba. Kupita kumunda ndi pa bwato, kubwerako ndi pa bwato. Kale munkadutsa mabwato onyamula mchere, ndipo anthu ankaluka mphasa za bango, kuweta abakha ndi kugwira nkhanu. Lero achinyamata anathawira kumafakitale a m'mizinda ikuluikulu, msewu wakale anaupenta bwino, ndipo okalamba otsalawo amapalasa alendo odzaona malo atavala zipewa zamakedzana. Bwato la agogo ake a mnyamatayo analiika m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndi chingwe chotchinga kuti anthu asamaligwire.

Ndikuona zithunzizo mtima wanga unathawira kwathu, kumunsi kwa Shire, kumene bango ndi gumbwa zimatalika kuposa munthu ndipo udzudzu umayamba ntchito dzuwa lisanalowe. Mwanayo anaona nkhope yanga n'kunena kuti, "Amayi, ndinawauza kuti ifenso ndife anthu a kudambo. Anasangalala kwambiri." Ine ndinangoseka. Sindinaone vuto lililonse.

Apa ndiyenera kufotokoza za nyika, chifukwa amene sanakulire kuchigwa sangaidziwe. Maluwa aja amayandama pamadzi a m'dambo ali ndi timizu tozungulira pansi m'matope, takuda kunja, kukula kwake ngati mbatata zazing'ono. Imeneyo ndiye nyika. Kwathu munthu sapita kukakumba nyika chimanga chili m'nkhokwe. Ndi chakudya cha njala. Umapita pa bwato mpaka pakati pa dambo, n'kutsikira m'madzi ofika m'khosi, n'kumafufuza m'matope ndi zala za kumapazi. Ukaikhudza umamira n'kuizula ndi manja. M'madzi amenewo simukhala anthu okha.

Chaka china cha njala, ine ndili kamwana kosadziwa kumanga nsalu, mchemwali wathu wamkulu anapita kunyika ndi achimwene. Iye ankamira, achimwene ali m'bwato kulandira. Ng'ona inamugwira achimwene akuona. Anabwera okha akupalasa, nyika ili pansi pa bwato. Tsiku lomwelo mayi athu, akulira, anaphika nyika yomweyo, chifukwa ana aang'onofe tinali titagona ndi njala masiku angapo ndipo m'nyumba munalibe china. Tinadya. Achimwene anakana, koma mayi anawagwira n'kuwadyetsa. Kuyambira tsiku limenelo mawu akuti nyika sanatulukenso pakamwa pawo, ngakhalenso dzina la mchemwaliyo, kupatula tsiku limodzi lija anabwera kuchipatala n'kulipereka kwa mwana wanga. Kuno munthu akawafunsa kwawo, amati ku Blantyre.

Mwana wanga nyika ankaidziwa ngati chakudya cha kwathu basi, chifukwa ndikapukwa kumudzi ndinkaitchula. Za ng'ona sankadziwa. Nkhaniyo ndi ya achimwene, ndipo eni ake anaitseka.

Tsiku lokaonana ndi makolo a mnyamatayo linali Lamulungu masana, m'nyengo yozizira, mvula yowaza ija ya kuno imene siidziwa kusiya. Achimwene anabwera kudzatitenga ku Midland atavala suti yakuda ndi tayi. M'galimoto anatipatsa malamulo. Ine ndisayankhule pokhapokha andifunse. Mwana akhale pansi mwaulemu, asamagwiranegwirane manja ndi mnyamatayo pamaso pa akuluakulu. Titayandikira ku Canning Vale anatsitsa wailesi.

"Chemwali, tamvera. Sindikakangana ndi munthu m'nyumba mwake. Ukaona ndasamba m'manja, udziwe kuti zatheka. Ukaona sindinasambe, nyamula chikwama chako."

Ndinayang'ana kumbuyo. Mwanayo Chichewa amayankha movutikira, koma kumva amamva chilichonse. Anali akuyang'ana pawindo, milomo atailuma.

Pakhomo anatilandira banja lonse. Anativula nsapato n'kutipatsa masilipasi, ndipo achimwene anawagwera aang'ono, zidendene zikulendewera kunja. Tsiku lina ndikanaseka. Bambo a mnyamatayo ndi munthu wamfupi, wopindika msana pang'ono, wa manja ong'aluka. Agwira ntchito zaka zambiri kumsika waukulu wa zamasamba ku Canning Vale komweko, kutsitsa ndi kukweza makatoni. Chingerezi chawo n'chongokwanira pa malonda, choncho mnyamatayo ndi amene ankamasulira. Mayi ake anandigwira mkono n'kumandisisita ngati tinadziwana kale.

Kuchipinda chodyera kunali chitseko chagalasi choonetsa kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunalibe kapinga monga m'nyumba zina za kuno. Kunali mabafa akale, aja osambiramo, atawandandalika m'mphepete mwa mpanda, odzaza matope ndi madzi, pamwamba pali masamba ouma ogwera m'kati. Achimwene anaima n'kuwayang'ana.

"Mabafa awo ndi a chiyani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ndi munda wa bambo," anayankha mnyamatayo. "Akuti ndi kwawo kumene anatha kunyamula."

Achimwene anakhala pampando umene anawalozera, woyang'ana kuchitseko, umene mnyamatayo anati ndi wa mlendo wolemekezeka koposa.

Vuto loyamba ndinaliona msanga. Panalibe beseni la madzi. Anthuwa amadyera timitengo, ndipo ife anatiikira mafoloko ndi masupuni pofuna kutichitira chifundo. Kodi achimwene asamba bwanji popanda madzi? Ndinamutsina mwana wanga kuti akatunge kukhitchini, koma achimwene anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Si pakhomo pako pano," anatero motsitsa mawu. Mwanayo anabwerera pampando.

Mayi aja anabweretsa mbale yoyamba, yaikulu, n'kuiika pakati penipeni pa tebulo. Munali tizidutswa toyera todulidwa mopyapyala, tozungulira, tili ndi mabowo ngati mawilo a ngolo. Sindinkadziwa kuti n'chiyani. Bambo aja anaimirira, anakonza kolala ya malaya, n'kuyamba kuyankhula, mwana wawo akutsatira m'mbuyo ndi Chingerezi.

Anati mwana wathu atawauza kuti ndife anthu a kudambo, ndiponso kuti kwathu timadya muzu wa duwa la m'madzi, anasangalala kwambiri, chifukwa pa zaka zonse akhala kuno sanakumanepo ndi munthu wodziwa matope. Anati muzu uwu aukumba okha dzulo m'mabafa aja, m'madzi ozizira, sanalole mwana wawo kuwathandiza. Kenako anayang'ana achimwene, nkhope yonse ikumwetulira, n'kutchula mawu amodzi a Chichewa amene anaphunzira kwa mwana wanga.

"Nyika," anatero, akuloza mbaleyo.

Achimwene sanagwedezeke. Manja anali pamaondo, ndipo ndinaona mtsempha wa m'khosi mwawo ukugunda pamwamba pa tayi.

"Ndiwe unawauza?" anandifunsa m'Chichewa, osandiyang'ana.

"Achimwene, mwana sakudziwa kanthu. Anangonena kuti..."

"Ndiye tavala masuti kudzaonetsedwa umphawi wathu pa mbale."

Bambo aja sanamve, ndipo akanamva sakanazindikira. Anatenga timitengo, anasankha zidutswa zabwino koposa, n'kuziika okha m'mbale ya achimwene. Mnyamatayo anafotokoza kuti kwawo mwininyumba amatero polemekeza mlendo. Achimwene anayang'ana khoma.

Mbale zina zinayamba kubwera, ndipo iliyonse inkabwera ndi mbiri yake. Panali mtedza wina wakuda wa nyanga ziwiri, umene bambowo anati atsikana a kwawo ankathyola atakhala m'mabeseni amatabwa oyandama. Panali mitima yoyera ya udzu wina wonga bango. Panali nkhanu, ndi mazira a abakha oviikidwa mumchere, amene anati ndi amene ankadya anthu opalasa mabwato amchere paulendo wautali, ndipo lero alendo amawagula m'mabokosi okongola. Chilichonse patebulopo chinali chochokera m'madzi kapena m'matope. Bambowo anali atakonza dala, kuti abale awo a kudambo amve kuti afika kwawo. Pa mbale iliyonse ankatapako n'kuwonjezera kwa achimwene, mpaka chakudya chinaunjikana, chosakhudzidwa.

Ine ndinagwira njakata. Ndikadya, ndiye kuti ndapandukira achimwene. Ndikapanda kudya, ndiye kuti tonse awiri tanyoza anthu amene atiphikira kuyambira dzulo. Ndinatenga foloko n'kumangotembenuza dzira m'mbale. Mayi aja anafunsa kudzera mwa mwana wawo ngati ankolo sakumva bwino m'thupi, ngati awaphikire phala la mpunga. Achimwene anati ali bwino, zikomo. Mwana wanga anali atasiya kudya. Mnyamatayo ankamasulirabe, koma mawu ake ankachepa, chifukwa iye anali ataona kale zimene bambo ake sankaona.

Bambowo anapitiriza, ndipo ndikuvomereza kuti ankafotokoza bwino. Anati makolo awo anathawira m'dambomo kalekale chifukwa anali malo amene munthu wina aliyense sankawafuna. Anati kwawo mkwatibwi amapita kwa mwamuna pa bwato, ndipo munthu akamwalira bokosi limapitanso pa bwato, kudutsa pansi pa milatho yomweyo. Anati iwo ali mwana kunagwa njala yaikulu, mpunga unatha, abakha anatha, ndipo tauni yonse inapulumuka ndi zimene zinali pansi pa madzi. Kuyambira pamenepo, m'banja mwawo nkhani ya ukwati siyamba muzu uwu usanafike patebulo. Umabwera patsogolo pa nyama, chifukwa ndi umene unasunga anthu.

Kenako anafuna kutionetsa mmene amaupezera. Anasuntha mpando, anavula silipasi imodzi, n'kuyamba kuyendetsa phazi pansi, zala zikufufuza pa matailosi, mutu ataukweza m'mwamba ngati munthu amene madzi amufika m'khosi. Ndi mmene ankachitira mchemwali wathu potiseketsa pabwalo, ndi mmene amachitira mkazi aliyense wa kwathu amene anapitapo kunyika.

Achimwene anaimirira. Mpando unakhuluzika pansi. Anamanga batani la jekete.

"Chemwali, chikwama."

"Ankolo, chonde," anatero mwana wanga. Ananena m'Chichewa.

Achimwene anatembenukira kwa mnyamatayo n'kunena m'Chingerezi chosalala, chija amayankhulira kuntchito: "Uwauze bambo ako kuti tathokoza. Uwauzenso kuti ife izi sitidya."

Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Bambo ake anamufunsa, iye anazengereza, bambowo anamufunsanso mokweza. Anamasulira. Mvula inkagwera m'mabafa aja kuseri. Ine ndinali nditagwira kale chikwama. Mumtima ndinkati basi, zatha, mwana wanga adzandida moyo wake wonse, ndipo ndinawakwiyira achimwene kuposa mmene ndinawakwiyirapo chibadwire.

Ndinkayembekeza kuti bambo aja apsa mtima, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Koma anangoima, phazi limodzi lopanda silipasi, akuyang'ana achimwene. Anayang'ana nkhope, anayang'ana manja, anayang'ana mbale yodzaza ija. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Kenako anatambasula dzanja, anatenga mbale ya achimwene, n'kukhuthulira zonse m'mbale yawo. Anaibweza yopanda kanthu, n'kuyankhula motsitsa kwambiri.

"Bambo akupepesa," anatero mnyamatayo. "Akuti anayenera kuona msanga. Akuti kakhalidwe kameneka akukadziwa."

Bambowo anapitiriza, ndipo mwana wawo ankamasulira akuwayang'ana modabwa, moonetsa kuti nayenso akumva koyamba. Mayi awo, anatero, ndi amene ankaphika muzu uwu bwino kuposa aliyense mumsewu wawo. Ukwati uliwonse ankaitanidwa. Ankaphika, ankaika patebulo, kenako ankakhala pansi manja pamaondo, osaika m'kamwa ngakhale kachidutswa, mpaka anamwalira. M'chaka cha njala chija mayiwo anapita kukakumba m'madzi ozizira, atasiya ana awiri m'bwato. Wamkulu anali bambowo. Wamng'ono, kamtsikana kongoyamba kuyenda, anasuzumira m'madzi kufuna amake.

Sanamalize. Anapukuta pakamwa ndi dzanja, n'kufunsa funso lalifupi.

"Akufunsa kuti," anatero mnyamatayo, "kwa inu anali ndani?"

Achimwene anali chiimire pakati pa tebulo ndi chitseko, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndawadziwa moyo wanga wonse ndipo sindinkadziwa chimene achite. Akanatha kutuluka. Ndikhulupirira kuti phazi limodzi linali litanyamuka kale.

"Mchemwali wathu," anatero.

Ananena m'Chichewa. Mnyamatayo anayang'ana mwana wanga, chifukwa panalibe wina womuthandiza, ine ndinali nditangoyang'ana pansi. Choncho zinayenda chonchi: achimwene ankanena m'Chichewa, mwana wanga n'kunena m'Chingerezi, mnyamatayo n'kunena m'Chitchaina. Mwanayo nkhani ya banja lake anaimva koyamba ikutuluka pakamwa pake pomwe.

Sanachulutse mawu. "Ndinali m'bwato. Iye ankamira, ine ndikulandira. Anandiuza kuti kamodzi kokha, tizipita. Madzi anatembenuka. Ndinamenya ndi nkhafi, ndinamenya, koma ndinali mwana." Ankayang'ana mabafa aja kudzera pagalasi. "Ndinabwera ndi nyika yake kunyumba. Mayi anaphika. Tinadya."

Mwana wanga anamasulira zonse mpaka pa mawu omalizawo. Pamenepo anatsegula pakamwa koma palibe chinatuluka. Ndinawanena ndine m'Chingerezi, popeza inenso ndinadya nawo. Mnyamatayo atawapereka kwa bambo ake, bambowo anagwedeza mutu kangapo, n'kuyankha mawu awiri okha.

"Akuti ifenso," anatero mnyamatayo.

Mayi aja anaimirira mwakachetechete n'kunyamula mbale yaikulu ija kuti aichotse. Achimwene anakweza dzanja.

"Uwauze aisiye. Ili pamalo pake."

Anaika makiyi m'thumba. Anamasula batani la jekete, anaivula, n'kuikoleka pampando. Anakhala pansi, n'kuyamba kupinda manja a malaya pang'onopang'ono, mbali iyi kenako mbali iyo. Ine ndinali ndikadagwira chikwama pamiyendo, osayerekeza kupuma.

"Iwe mwana," anatero, "kanditengere madzi."

Mwanayo anathamangira kukhitchini, mayi aja ali pambuyo pake osadziwa chimene chikufunika. Tinamva makabati akutsegulidwa ndi kutsekedwa. M'nyumba monsemo beseni limene linapezeka linali limodzi, lapulasitiki, lomwe bambo aja anatsukiramo mizu yawo, ndipo ngakhale analitsukuluza, m'mphepete munali mukadali kamzere ka matope. Mwana wanga anabwera nalo ndi ketulo ya madzi ofunda ndi kansalu paphewa. Mwana amene ndinalimbana naye zaka zonse kuti aphunzire kugwada, n'kumandiuza kuti kuno ndi ku Australia, anagwada yekha pa matailosi ozizira popanda womuuza.

Achimwene anaona matope aja. Anatambasula manja, mwanayo n'kuyamba kuthira. Anasamba nthawi yaitali, chala chilichonse pachokha, anthu tonse tikuyang'ana. Bambo aja anafunsa mwana wawo kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo mnyamatayo, amene mwana wanga anali atamulembera kale uthenga pa foni za chizindikiro chija, anangophimba nkhope ndi manja.

Tsiku limenelo achimwene anadya mpunga ndi nkhanu, ndi manja, n'kupemphanso wina. Muzu uja sanaukhudze, ndipo palibe anawaikiranso. Mpaka lero sakhudza, ngakhale paukwati mbale yake inali patsogolo pa zonse ndipo ananyamula kukaiika ndi iwo. Ine ndinalawa kachidutswa kamodzi. N'kokukutika, kotsekemera pang'ono, kosafanana n'komwe ndi nyika yathu yowawira ija. Ndinalira nako m'kamwa, asewere anga akundisisita kumsana.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi pamene anamaliza kusamba. Anatenga kansalu paphewa pa mwanayo, anapukuta manja, n'kumuyang'ana ali chigwadire ndi beseni lake. Anati zikomo, kenako anamutchula dzina. Anatchula lonse, momveka bwino, mmene mayi athu ankaitanira mwini wake woyamba akachedwa kudambo. Mwanayo anayankha kuti, "Wawa, ankolo," n'kunyamula beseni kukataya madzi m'limodzi la mabafa aja.